Zipupa za Yamikani

Padangokhala mnyamata wina dzina lake Yamikani, amene anabwerera kwawo ku Chirimba mu 2019 atatha zaka akuwotcherera zitsulo ku Joni. Anabwera ndi kangachepe m'thumba, nagula puloti yoyang'anana ndi phiri la Michiru. Anaumbitsa njerwa, kuziwotcha, n'kuitana amisiri.

Poyamba anati akumanga golosale. Zipupa zitafika pa mawindo, anaona anthu akudzadza pa bala ya mnzake, ndiye anagwetsa chipupa cha pakati kuti pakwane matebulo. Sipanapite nthawi, wina anamunong'oneza kuti ogwira ntchito m'makampani a ku Chirimba akusowa nyumba za lendi. Anabwezeretsa chipupa chija n'kuwonjezera zina zitatu. Kenaka kunabwera mneneri wa suti yonyezimira, amene anamuuza kuti malowo akawasandutsa tchalitchi ndalama zidzamutsata zokha. Yamikani anagumulanso. Mapemphero ake nawonso anali otero: Lamulungu lino kuno, Lamulungu linalo uko, kulikonse kumene wamva kuti kukugawidwa madalitso a msangamsanga.

Dzinja linabwera katatu, zipupa zili chiimire popanda lata ngakhale limodzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula chimene chinapha anthu ambirimbiri ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, zipupa zija zinamwa madzi n'kugwa usiku umodzi.

M'mawa mwake agogo ake aamuna, amene anakalamba ndi ntchito yomanga komanso anali mkulu wa mpingo, anamupeza atakhala pa mulu wa njerwa, manja ali m'khosi. Sanamudzudzule. Maliro atachepa mumzinda, anamuuza kuti: "Mdzukulu wanga, vala nsapato undiperekeze."

Anakwera minibasi n'kukatsikira pa HHI. Agogo anamuzungulitsa tchalitchi cha St Michael and All Angels pang'onopang'ono, akugogoda njerwa ndi ndodo yawo, akumuonetsa mmene zinapindikira pamwamba pa zitseko.

"Anayamba kumanga mu 1888, anamaliza mu 1891," anatero agogo. "Amene ankatsogolera, m'busa David Clement Scott, sanapite ku sukulu ya zomangamanga. Pulani ya papepala analibe. Anthu akuno amene ankagwira naye ntchito anaphunzirira pompano, njerwa akuumba okha. Mvula ya zaka zoposa 130 yagwa pamenepa. Freddy wadutsanso. Ukuona chagwa?"

"Ayi, agogo."

"Munthu uja ukanamudzutsa pakati pa usiku n'kumufunsa kuti akumanga chiyani ndiponso akumangira yani, akanayankha asanatikite m'maso. Nanga iwe, unkamanga chiyani?"

Yamikani anakanda m'mutu. "Ndinkangofuna ndalama, agogo."

"Ndalama ili ngati simenti, mwanawe. Imagwira njerwa, koma palibe amagona m'thumba la simenti. Unafunsa anzako, unafunsa mneneri. Mulungu amene anakupatsa manjawo unamufunsapo kuti anakupatsira chiyani?"

Mnyamata sanayankhe, ndipo m'minibasi yobwerera sanatsegule pakamwa.

Mwezi wathunthu sanakhudze njerwa. Ankadzuka m'bandakucha n'kupemphera, osati mokuwa, koma ngati munthu amene akufuna kumva yankho. Anasankha mpingo umodzi n'kukhazikika. Masana ankapita pa msika wa Chirimba, ndipo kumeneko anayamba kuona zimene ankangozidutsa kale. Panali anyamata amene anamaliza Folomu 4, ena analekera panjira, akungokhala pa khonde la sitolo kudikira katundu woti anyamule, ndalama yake n'kukathera ku kachasu. Mmodzi, wazaka ngati 17, anali atamanga sandasi yake ndi waya, ndipo anaupinda mwaluso kotero kuti Yamikani anaima n'kuyang'anitsitsa. Manja amenewo anali a mmisiri, kungoti panalibe wowaphunzitsa.

Madzulo omwewo anapita kwa agogo. "Ndadziwa. Ndimanga shedi yowotcherera, ndiziphunzitsa anyamata aja."

"Phindu lake lichedwa," anatero agogo.

"Lichedwe."

Anatola njerwa zimene sizinasweke, nagulitsa foni yake yodula kuti agule malata ndi makina owotcherera akale. Shedi inali yaing'ono, koma inafoleredwa mvula isanayambe. Magetsi akazima, anyamata ankaphunzira kuyeza ndi kudula. Awiri anathawa, wina anaba chopukusira chitsulo, koma Yamikani sanatseke.

Tsiku lina mnzake wa bala uja anabwera akuthamanga. "Achimwene, chotsani zitsulozi muike makina a juga, anthu akulemera nawo!"

Yamikani anakweza galasi lowotcherera n'kumuyang'ana. "Pepani, malo ano ali kale ndi ntchito yake." Atatero anaitana mnyamata wa waya uja kuti abweretse tepi, chifukwa mayi wina wa ku Machinjiri ankafuna mafelemu a mawindo asanu pofika Loweruka.