Mayi wa pa chombo cha Enterprise

 Kunja nthanda ikuwalabe, ndipo ena mwayamba kale kusonkha moto.

Ndikaiona nyenyezi imeneyi ndimakumbukira mayi Nichelle Nichols. M'chaka cha 1966 ku America kunayamba sewero la pa kanema lotchedwa Star Trek, nkhani yopeka ya chombo cha Enterprise choyendayenda pakati pa nyenyezi. Mayiwa ankasewera ngati Uhura, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili akuti uhuru, omwe ife timati ufulu. Ankakhala pampando wawo atavala diresi lofiira, kachipangizo kachitsulo kali m'khutu, akulandira mauthenga ochokera kutali. Masiku amenewo mkazi wakuda pa kanema kawirikawiri ankangopatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba.

Chaka choyamba chitatha, mayiwa anafuna kusiya. Anali a Martin Luther King Jr., mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, amene anawadandaulira kuti asachoke, poti ngakhale ana a King ankaonera seweroli. Anamvera, nakhala.

Kwinaku ku Chicago kamtsikana kena, Mae Jemison, kankaonera maso ali tong'o. Mu September 1992 anakwera chombo chenicheni, Endeavour, n'kukhala mkazi wakuda woyamba kupita mumlengalenga. Nkhaniyi imandikhudza mtima nthawi zonse.

Mwana wanu wamkazi akadzuka, mugwireni dzanja mutuluke naye panja, aione nthanda isanazimirire.