Kodi Mkhalapakati Ayenera Kubisa Mtunda?

Funso lakuti kodi n'kololeka kubisa choonadi pofuna kupeputsira mnzako ntchito lakhala likuzunguza anthu oganiza mozama kuyambira kalekale, ndipo Immanuel Kant, polemba m'chaka cha 1797, anakanitsitsa kuti munthu ali ndi ufulu wonama ngakhale atatero pokomera mnzake mtima. Funso lomweli linadzukanso pakati pa akatswiri okonza mapulogalamu amene zigawo zake zimamwazikana pa makompyuta ambiri koma n'kumagwira ntchito imodzi.

Kalembedwe ka mapulogalamu kodalira ma object kanayamba ndi chinenero cha Simula, chimene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anakonza ku Oslo m'zaka za m'ma 1960. Object ndi kachigawo ka pulogalamu kamene kamasunga zinthu zake mkati, ndipo kamachita kanthu pokhapokha kachigawo kena kakapempha. Makompyuta atayamba kulumikizana, panafunika pulogalamu yoima pakati, yotchedwa middleware, yonyamula pempho kuchoka kwa wopempha kukafika kwa object ya pa kompyuta ina n'kubwerako ndi yankho. Bungwe la Object Management Group, limene linakhazikitsidwa mu 1989, linatulutsa ndondomeko ya CORBA mu 1991, ndipo lonjezo lake lalikulu linali lakuti wolemba pulogalamu adzapempha object ya kutsidya kwa nyanja monga mmene amapemphera imene ili mu kompyuta yake yomwe, osalabadira za mtunda.

Mu 1994, Jim Waldo, Geoff Wyant, Ann Wollrath ndi Sam Kendall a ku Sun Microsystems analemba nkhani yaifupi yotsutsa lonjezoli, ndipo anatchula zinthu zinayi zimene mtunda umasintha: kuchedwa kwa yankho, kafikiridwe ka zimene zasungidwa, kuchitika kwa zinthu zingapo nthawi imodzi, ndiponso kuwonongeka kwa mbali imodzi pamene zina zikugwirabe ntchito. Chomalizachi ndicho chili ndi nkhani. Kompyuta imodzi ikazima, wopempha ndi wopemphedwa amazimira limodzi, choncho palibe amene amatsala akudikira. Koma pa netiweki wopempha amatsala wamoyo, yankho osabwera, ndipo iye sangadziwe ngati pempho linatayika panjira, ngati linafika koma wolilandira anazima asanalichite, kapena ngati ntchito inachitika ndithu koma yankho ndilo linasowa pobwerera. Pulogalamu ya banki imene yalamula kuti ndalama zichoke mu akaunti ina kupita mu ina ikabwereza lamulolo ingathe kulipira kawiri, ndipo ikaleka ingathe kusiya ngongole yosalipidwa. Michael Fischer, Nancy Lynch ndi Michael Paterson anasonyeza mwa masamu mu 1985 kuti pamene palibe malire a nthawi imene uthenga ungatenge, palibe njira yotsimikizira kuti makompyuta adzamvana nthawi zonse ngati imodzi yokha ingathe kuzima, chifukwa yozima ndi yochedwa sizisiyanitsika. Vutoli silichoka ndi luso la wokonza, pakuti gwero lake ndi malire a zimene zingadziwike kuchokera patali.

Oikira kumbuyo kubisa mtunda ali ndi mfundo yosayenera kupeputsidwa. Luso lonse la mapulogalamu limaima pa kubisa, popeza palibe munthu amene angalembe kanthu kothandiza ngati atamaganizira za waya uliwonse, ndipo kusanena chilichonse si kunama. Komabe pali kusiyana pakati pa kubisa chinthu chimene sichisintha chisankho cha munthu ndi kubisa chimene chikanachisintha. Nkhoswe imene yatumidwa ku banja lina siyenera kufotokoza njira imene inadzera, koma ikabwerako osamva yankho n'kumaonetsa ngati zonse zatheka, yalakwira mabanja onse awiri. Kasanjidwe ka uthenga pa waya kangabisidwe popanda mlandu. Kukayikitsa kwa zotsatira sikungabisidwe, chifukwa pamenepo ndi pamene wolemba pulogalamu amasankha kubwereza, kudikira, kapena kupatsa pempho lililonse nambala yakeyake kuti likafika kawiri lichitidwe kamodzi.

N'zochititsa chidwi kuti CORBA yomweyo inavomereza zimenezi, pakuti uthenga wake wonena za vuto umakhala ndi chizindikiro cha mitundu itatu: kuti ntchito inatha, kuti sinachitike, kapena kuti mwina inachitika. Java RMI, imene Wollrath ndi Waldo anathandiza kukonza ndipo inatuluka mu 1997, inapitirira apo pokakamiza wolemba pulogalamu kulemba poyera kuti pempho lililonse lopita kutali lingathe kulephera. Ambiri anaona lamuloli ngati chipsinjo, koma linali lolungama, chifukwa middleware imene imanena kuti mwina pamene sikudziwa imasiya chisankho m'manja mwa munthu amene adzayankhe mlandu ndalama za eni ake zikasokonekera.