Ukathawa Pakhomo, Uzithawira Kuti?

Khala apa, mdzukulu wanga, tisendere limodzi mtedzawu. Ndikudziwa kumene umapita bambo ako ndi mayi ako akayamba kukwezerana mawu. Umazembera ku vidiyo, m'kachisakasa kamdima kaja, n'kukhala pabenchi mpaka a m'mafakitale a ku Makata ataweruka. Sindikukudzudzula. Mwana utsi ukamulowa m'maso amatuluka panja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimu ya karate ikatha, umatulukamo ndi chiyani? Njala yomwe ija, chenji cha makala chitapita.

Pali filimu imodzi imene ndikufuna uionere modekha. Ndi ija ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, imene Chiwetel Ejiofor anajambula kuno ku Malawi n'kuitulutsa mu 2019. Nkhani yake ndi ya njala ya 2002, imene ife tinaiona ndi maso. Anthu anadya gaga, ena zitsa za nthochi. Mnyamatayo sukulu anaisiya chifukwa cha fizi, pakhomo pali pouma. Nayenso ankazemba ngati iwe. Koma iye ankazembera ku laibulale ndi kudzala la zitsulo zakutha.

Ukawaonetsetse bambo ake m'filimumo. Mwana atapempha njinga kuti aiphwasule n'kupangira makina a mphepo, iwo anakalipa, namuuza kuti agwire khasu. Sanali ouma mtima. Njingayo ndiyo inali chuma chotsala pakhomo, ndipo munthu akagwidwa ndi mantha amalankhula ngati wolusa. Mnyamatayo sanatukwane, sanasowe pamudzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku bambowo anaipereka okha njinga ija, makina a mphepo anazungulira, madzi natuluka m'chitsime.

Bambo ako maganyu awathera, lendi ikudikira. Zoterezi tinaziona kale, zimadutsa. Koma mwana akazolowera kugona kunja chifukwa cha phokoso, phokosolo likadzatha iye sabwereranso. Madzi akatayika saoleka.

Tsono mvera. Akayambana, nyamula kope lako ubwere kuno, kapena pita kwa amalume ako ukawathandize kumata machubu a njinga. Dzuwa lisanalowe ukhale utafika pakhomo. Uwatungire madzi mayi ako, uwalonjere bambo ako ngakhale atakwinya nkhope. Mlandu wawo si wako. Koma tsiku limene wina adzakweze dzanja, usakabisale ku vidiyo. Udzathamangire kuno, ine ndikaitana ankhoswe.