Sunga khosi: malangizo a akulu kwa achinyamata a m'chigwa cha Luangwa

Wachinyamata womaliza Giredi 12 ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, amadziwa kuti ndalama kuno zimayenda ndi nyengo. M'chilimwe alendo amadzaza m'makampu kudzaona nyama m'paki ya South Luangwa, ndipo ganyu amapezeka. Mvula ikagwa, makampu ambiri a kuthengo amatseka. Mu 2020 Covid idaletsa alendo kubwera, ndipo mu 2024 chilala chidapsereza chimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pa zaka 20 zokha, munthu angathe kutaya mtima.

Akunda, eni dera lino, omwe mafumu awo ndi Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, sadayambe lero kulimbana ndi njala, madzi osefukira ndi zilombo. N'chifukwa chake alangizi kuchinamwali ndi amalume pakhomo ankaphunzitsa ulemu pamodzi ndi kulimba mtima.

Ankati: sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Apa sankauza mwana kupinda manja n'kumadikira mwayi. Taonani mnyamata wolondera munda chimanga chikayamba kukhwima. Amagona m'chilindo, moto uli pambali, chitini ndi ndodo zili pafupi. Akamva nthambi zikuthyoka, amaponya pamoto ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wowawa ubweze nyamazo, kenako amamenya chitini n'kukuwa kuti a minda yoyandikana adzuke. Usiku wina njovu zimamugonjetsa. Koma mvula ina ikagwa amabzalanso. Chiyembekezo chimene akulu ankatanthauza n'chimenechi: kudzisamala ndi kugwirabe ntchito, pokhulupirira kuti chaka choipa chimatha.

Pa kupirira m'pamene ambiri tapotoza malangizo. Timauza anyamata kuti mwamuna salira, ndipo iwo amamva kuti vuto ndi lomeza. Wobisa nkhawa amakaithira m'kachasu, m'kubetcha pa foni, kapena amakatchera misampha ya waya yomwe mathero ake ndi ndende. Komatu akulu omwewo adati mutu umodzi susenza denga. Mwambo udaika anthu oti uziwadandaulira: amalume, azakhali, agogo, ndipo m'banja ankhoswe. Kukhala pansi n'kunena kuti "Amalume, zandikulira" si manyazi. Ngakhale amene adalakwa njira ali ndi pobwerera. Kuyambira mu 2003, bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa omwe ankapha nyama mozemba m'chigwachi, n'kumawaphunzitsa ulimi ndi kuwagula mpunga, mtedza ndi uchi.

Nanga kudzidalira? Makolo ankakusiyanitsa ndi matama. Wodzitama ankamukumbutsa kuti safunsa adadya phula. Chitsanzo chili pakhomo pomwe. Norman Carr adatchukitsa kuonetsa alendo nyama poyenda pansi m'chigwa chino, ndipo lero ana a m'midzi yomweyi ndiwo amatsogolera maulendowo, msilikali wa zanyama ali patsogolo ndi mfuti. Wotsogolera alendo akaima phee pamaso pa njati, si chifukwa cha chamuna. Adatha zaka akufunsa: phazi ili n'la chiyani, mbalame ija ikulirira chiyani, mphepo ikuchokera kuti. Adalemba mayeso, ndipo ena amabwereza asanakhoze. Mtima wake umakhazikika chifukwa akudziwa chimene akuchita.

Akulu, musadikire kuti mwana alakwe kaye kuti mumulange. Muitaneni madzulo, mumufunse za mumtima mwake, ndipo akayankha mumvetsere osamunyoza. Inu achinyamata, phunzirani luso limodzi mpaka mulidziwe bwino, kaya ndi ukalipentala, dimba kapena njuchi, ndipo zikakuthinani pitani kwa amalume kapena azakhali mukawauze.