Kodi Mlendo Agule Nsima?

Mai wina wa ku Chileka, amene nyumba yache iri pafupi ndi bwalo la ndege, anadza kwa ine ndi funso lomsautsa mumtima. Mwana wache anamuuza kuti ku maiko akutali apaulendo ena safuna kudya m'mahotela, koma afunafuna pa foni banja loti liwaphikire kwao, nalipira ndalama. Ndipo maiyo anati, Kodi ine ndikatero, sindigulitsa ulemu wa makolo anga?

Mau a mwanayo ndi oona. M'chaka cha 2012 anthu a ku Israel anayamba nchito yochedwa EatWith. Mu 2014 ena a ku Paris anayamba inzache, VizEat, imene inagula yoyambayo mu 2017 nitenga dzina lache. Machitidwe ache ndi awa: wophika alemba pa intaneti zakudya zimene adziwa kuphika ndi mtengo wache, mlendo asankha tsiku, nalipira asanafike, eni nchitoyo atapapo gawo lao. Atadya, mlendo alemba ngati zinamkomera, kuti ena awerenge. (Ichi chindidabwitsa ine, pakuti kwathu mlendo sanena za ndiwo zosakolera mchere.) Popeza ndege za ku Johannesburg ndi Addis Ababa zitera pa Chileka, ndipo mafoni afika m'midzi yathu, funso la maiyo siliri lachabe.

Tiyambe taona chimene makolo anachita. Munthu woyenda pansi kuchokera ku Matope kunka ku Kabula, dzuwa likamlowera pa Lirangwe, anapatukira kwa mfumu. Anampatsa madzi, namphikira nsima, osamfunsa za ulendo wache kufikira atakhuta. Koma tisayese kuti anapatsa osayembekeza kanthu. Iwo anati, Kupatsa nkuika. Wophikira mlendo lero anadziwa kuti mawa mwana wache adzagona ku mudzi wa eni, nadzadya komweko. Nsima ija inali ngongole yoyendayenda, imene anaibweza munthu wina pa mudzi wina.

Tsono mlendo wotsika m'ndege sali m'ngongole imeneyi. Mai wa ku Chileka sadzaodira pa khomo lache ku Ulaya, ngakhale mwana wache. Chimanga chinadya feteleza wogula, nkhuni nazo nzogula, nsinjiro za mu nkhwani sizichokera kumwamba. Munthu wokhala nazo ndalama za ndege akadya ulere kwa mai wopanda sopo, pamenepo wosauka wadyetsa wolemera, ndipo sindiona chilungamo m'menemo. Chifukwa chache ndinamyankha kuti, Mai, landirani ndalamazo. Amene agulitsa thobwa pa msika wa Lunzu sachita manyazi, inunso musachite. Koma muziwacha malonda, pakuti ndi malonda ndithu.

Chimene ndiopa ine chiri pena. Pa foni wophika aona dzina la mlendo asanafike, nadziwa kuti ndalama zalowa kale. Mlendo wa makolo sanali wotero. Anafika ndi fumbi m'miyendo, wosaitanidwa, kapena tsiku lomwe ufa unatsala wa m'mbale imodzi. Ndipo kumlandira kunayesa mtima chifukwa cha chomwecho. Nanga dzanja likazolowera kuomolera wolipira, lidzatani usiku umene minibasi yafera pa Lirangwe, nafika pa khomo mai wobereka mwana, wopanda foni ndi ndalama? Ana a pa nyumba apenya zonse. Akaona kuti nkhuku iphedwa mzungu akadza, koma malume ao ochokera kumudzi apatsidwa mkute, aphunzira phunziro limene palibe analifuna kuwaphunzitsa.

Akulu a dera lino asimba kuti pa njala ya 1949 chidyerano chinaleka, anthu nayamba kudyera m'nyumba chitseko chiri chotseka, kuti mnansi angamve kununkhira kwa mphika. Iwo sitiwatsutsa, pakuti inali njala. Koma ife tikatseka chitseko chomwecho nkhokwe iri ndi chimanga, tidzanena chiani?

Ndinamuuza maiyo zonsezi. Iye anakhala chete pang'ono, naseka, nati nkhuku ali nazo zitatu zokha. Ziwiri angaphere alendo a m'ndege, koma yachitatu, ya mawanga ija, njosungira apongozi ache akadza pa Khrisimasi, ndipo mwana wache asailembe pa foni.