Munthu wa majezi 14

Malume anandiimbira foni Lamlungu madzulo, atangomva kwa mayi kuti ndikufuna kusiya ntchito. Sanachedwe ndi malonje. "Mphwanga, imene ukupitayo ikhala ntchito yachinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ayamba kunena kuti ndiwe wosakhulupirika." Ndinangoti ndamva malume, ndiganizira. Koma mawu akuti wosakhulupirika anandibaya, moti usiku tulo sitinabwere. Ndili chigonere choncho, amene anandibwerera m'mutu si m'busa kapena wafilosofi ayi, koma woponya mpira wa baseball wa ku America, dzina lake Edwin Jackson.

Ndikudziwa, ambiri mwa inu baseball mumangoionera m'mafilimu. Ine inandilowa chifukwa cha bando ya usiku ndi YouTube, ndipo siinandichoke. Mwachidule: munthu mmodzi amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba kwa mnzake amene wagwira ndodo, pa mtunda wa mamita 18 ndi pang'ono. Womenyayo akakaphonya katatu watuluka. Woponyayo akaponya kumbali kanayi, womenyayo amangoyenda ulere kupita pa base yoyamba. Ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi matimu 30 ndipo iliyonse imasewera magemu 162 pa chaka. Woponya amene amayamba gemu amagwira ntchito kamodzi pa masiku asanu, ndipo akafika pa mipira ngati 100 amamupumitsa, chifukwa mkono wa munthu sunapangidwe kuti uziponya chinthu pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola tsiku ndi tsiku.

Jackson anabadwa mu 1983 ku Neu-Ulm, ku Germany, komwe bambo ake ankagwira ntchito ya usilikali wa America. Timu ya Los Angeles Dodgers inamutenga mu 2001, n'kumuphunzitsa kuponya. Gemu yake yoyamba mu ligi yaikulu inali pa 9 Seputembala 2003, tsiku limene ankakwanitsa zaka 20, ndipo anagonjetsa Randy Johnson, chimphona chomwe chinali chitatenga kale kasanu mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse. Mwana woyamba chotero, aliyense amaganiza kuti adzakalambira pa timu yomweyo n'kumumangira chipilala panja pa bwalo.

Sizinatero. Mu 2006 Dodgers inamusinthanitsa kupita ku Tampa Bay. Kumapeto kwa 2008, atangothandiza timuyo kufika mu World Series, anamupereka ku Detroit. Ku Detroit mu 2009 anasewera bwino mpaka kusankhidwa kukhala mmodzi mwa akatswiri a All-Star, ndipo mphoto yake inali kumutumiza ku Arizona mu Disembala chaka chomwecho. Pano ndifotokoze chinthu chimodzi, chifukwa ife tinazolowera mpira wamiyendo, kumene wosewera ayenera kuvomera kaye asanasamuke. Ku baseball, osewera ambiri safunsidwa. Mabwana awiri amagwirizana pa foni, iwe umangouzidwa kuti longedza, mawa ukavale jezi ina mumzinda wina. Nyumba ya lendi, sukulu ya ana, zimenezo uona wekha.

Tsiku limene ndimalikonda pa moyo wa munthu ameneyu ndi 25 Juni 2010. Atavala jezi ya Arizona, anapita kukasewera ndi Tampa Bay, timu yomwe inamutaya chaka ndi theka m'mbuyomo, pa bwalo lawo lomwe. Tsikulo mkono unkamukana. Mipira inkangopita kumbali, ndipo anayendetsa ulere anthu 8, ambiri mwa iwo m'zigawo zitatu zoyambirira. Koma chodabwitsa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamenya mpira wake n'kufika nawo bwino pa base. Chigawo chachisanu chinadutsa, chachisanu ndi chiwiri chinadutsa, mipira inapitirira 100, inapitirira 120, manijala wake A.J. Hinch osamutulutsa. Anamaliza zigawo zonse 9 ataponya mipira 149, Arizona n'kupambana 1-0. Zimenezi amazitcha no-hitter, ndipo oponya ambiri otchuka amapuma pa ntchito asanazilaweko. Yake inali yonyansa kuionera, yathukuta, yokoka ndi mano, koma inali no-hitter basi. Pasanathe sabata, Hinch anachotsedwa ntchito. Patatha masabata asanu, Jackson anamusinthanitsa kupita ku Chicago White Sox.

Taganizani. Wapereka mkono wako wonse, wauika pa ngozi chifukwa cha jezi imeneyi, ndiye mwezi wotsatira jeziyo akukuvula.

Chaka chotsatira zinafika poseketsa. Pa 27 Julayi 2011, White Sox inamupereka ku Toronto Blue Jays, ndipo tsiku lomwelo Toronto inamupereka ku St. Louis Cardinals. Anakhala wa Toronto kwa maola ochepa, osavala n'chipewa chomwe. Apa n'kuti atasinthanitsidwa kasanu ndi kamodzi asanakwanitse zaka 28. Mu Okutobala, Cardinals inatenga chikho cha World Series itagonjetsa Texas Rangers, iye ali momwemo, ngakhale gemu imene anayamba iyeyo anailuza. Kenako Washington, Chicago Cubs, Atlanta, Miami, San Diego, Baltimore, Washington kachiwiri, Oakland. Mu Meyi 2019 anavaladi jezi ya Toronto ija, ndipo inakhala timu yake ya nambala 14, zomwe panthawiyo panalibe anazichitapo. Amene anali ndi mbiri imeneyi poyamba, ya matimu 13, anali Octavio Dotel wa ku Dominican Republic, yemwe, mwa zodabwitsa za dziko, anapita naye limodzi ku St. Louis pa kusinthanitsa komwe kuja kwa 2011. Dotel anamwalira mu Epulo 2025 denga la malo azisangalalo litagwa ku Santo Domingo. Chaka chomwecho woponya wina, Rich Hill, anafikanso pa matimu 14.

Tsono funso langa ndi ili, malume akanakhala kuti amawerenga zomwe ndimalemba kuno: kodi Edwin Jackson anali wosakhulupirika?

Okonda baseball akafuna kutchula munthu wokhulupirika amatchula Mariano Rivera, amene anasewera New York Yankees yokha kuyambira 1995 mpaka 2013, kapena Clayton Kershaw, amene anayamba ndi Dodgers mu 2008 n'kumalizira pomwepo mu 2025. Sindikuwanyoza, ndi akamuna. Koma tinene zoona: anthu amenewa anakhala malo amodzi chifukwa anali abwino kwambiri moti timu sikanayerekeza kuwataya, ndipo inkawalipira ndalama zoti asayang'ane kwina. Palinso lamulo loti amene wasewera zaka 10 mu ligi, zisanu zomaliza pa timu imodzi, akhoza kukana kusinthanitsidwa. Ndiye kuti ufulu wokhala malo amodzi umaperekedwa kwa amene ali kale pamwamba. Jackson anali wapakatikati. Anapambana magemu 107, analuza 133. Anali wabwino mokwanira kuti nthawi zonse papezeke timu yomufuna, koma osati mokwanira kuti timu imene ili naye imuumirire. Ambirife pa ntchito zathu tili pompo, aise. Ndiye tikamayamika Rivera n'kumugwedezera mutu Jackson, ndikukayika ngati chimene tikuyamikacho chili khalidwe. Mwina tikungoyamika mphatso ya mkono n'kuipatsa dzina lina.

Ndipo kale ankakhaladi malo amodzi, koma chifukwa chake sichokoma. M'makontrakiti munali ndime yotchedwa reserve clause, yomwe inkamanga wosewera ku timu yake mpaka timuyo itafuna yokha kumugulitsa kapena kumutaya. Mu 1969 Curt Flood, munthu wakuda amene anasewera Cardinals zaka 12, anauzidwa kuti apite ku Philadelphia, iye n'kukana, ponena kuti si katundu woti azigulidwa ndi kugulitsidwa. Nkhani inafika ku khoti lalikulu la America, ndipo mu 1972 analuza. Ntchito yake n'kuti itatha kale. Patatha zaka zitatu, mu Disembala 1975, oponya awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, anapambana mlandu wawo pamaso pa woweruza nkhani za apantchito, Peter Seitz, ndipo kuchokera apo wosewera amene watumikira zaka 6 amatha kusankha yekha kopita. Ndikamamva wina akulira kuti osewera amakono alibe chikondi ndi jezi ngati akale, ndimakumbuka kuti akalewo chitseko chinali chokhoma. Mbuzi yomangidwa pachikhomo sitingaitamande kuti siyendayenda.

Mpaka apa nkhaniyi ikundikomera, ndipo n'chifukwa chake ndikuikayikira. Pali mbali ina. Nthawi imene Jackson anapeza mwayi wosankha yekha, anasankha ndalama. Chicago Cubs inamupatsa kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 52 miliyoni, kuyambira 2013. Chaka choyamba analuza magemu 18, kuposa woponya wina aliyense mu ligi. Chachiwiri sichinasinthe zinthu. Mu Julayi 2015 anamumasula, koma poti makontrakiti a baseball salola kubweza mawu, anapitiriza kumulipira. Mu 2016, pamene Cubs inkatenga chikho chomwe inachidikira zaka 108, iye n'kuti atathera chakacho ku Miami ndi ku San Diego, akulandirabe ndalama za ku Chicago. Wokonda Cubs amene ankagula tikiti ndi ndalama za thukuta lake ali ndi chifukwa chokwiyira. Ine ndayesa kumupezera mlandu pamenepa, ndalephera. Sananame za mkono wake, sanathawe ntchito, ankapita pa kachulu paja tsiku lake likakwana ngakhale anthu akumukuwiza. Analonjeza kuponya, sanalonjeze kupambana, pakuti chimenecho palibe angalonjeze. Komabe sindingamujambule ngati wozunzidwa. Dongosolo lomwe linkamuponya uku ndi uku ndi lomwenso linamulemeretsa, ndipo ine ndi inu tikachotsedwa ntchito palibe amatilipirabe chaka ndi theka.

Chimene chimandigwira mtima ndi china. Matimu awiri, Washington ndi Detroit, anamuitananso kachiwiri. Oakland inamutola mu 2018 anthu akuti watha, iye n'kuithandiza pa chaka chomwe inapambana magemu 97. Kulikonse kumene anadutsa, mbiri imene inatsala inali ya munthu wokhala bwino ndi anzake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo munthuyu anasiya phazi m'mizinda 13. Ali ndi zaka 37, ligi itamutseka kale, anavala jezi ya dziko lake ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 n'kubwerako ndi mendulo ya siliva. Analengeza zopuma pa 9 Seputembala 2022, tsiku lake lobadwa, tsiku lomwe lija anayambira. Ndiye kukhulupirika kunalipo, kungoti sikunali kwa chizindikiro cha pachifuwa. Kunali kwa ntchitoyo, ndi kwa anthu amene wawapeza m'chipinda chovalira chaka chimenecho.

Malume anga anagwira ntchito pa kampani imodzi zaka 26. Sindiitchula. Itagulidwa ndi eni ake atsopano, anawapatsa kalata Lachisanu masana ndi wotchi yapakhoma, yomwe mpaka lero ili pabalaza pawo, ndipo amaisinthira batire. Sindinawafunsepo chifukwa chake amaisunga. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi kupusa. Pano ndikuganiza kuti wotchiyo siwakumbutsa kampani, imawakumbutsa kuti kwa zaka 26 sanachedwepo, sanabepo, ndiponso anzawo amene ankadya nawo nsima kuseri kwa ofesi. Mwina iwo ndi Jackson akanamvana kuposa mmene ndinkaganizira.

Koma pali pamene chitsanzo cha Jackson chikundisiya ndekha, ndipo ndisadzinamize. Iye nthawi zambiri ankachotsedwa, ine ndikuchoka ndekha. Komanso amene ndikumusiyayo si kampani yopanda nkhope. Ndi mayi mmodzi amene ali ndi kabizinesi kosindikiza mabuku ndi makadi, antchito asanu, amene ananditenga ndilibe chondiyenereza china kupatula kudziwa kompyuta. Mayi anga atadwala chaka chatha, anandipatsa galimoto yawo ndi mafuta omwe, osandidula pa malipiro. Kumene ndikupitako akundipatsa pafupifupi kawiri zomwe ndimalandira, ndipo ndili ndi mlongo wanga amene akudikira fizi ya chaka chachiwiri. Ngongole ya kwa kampani ndingaikane ndi mfundo zonse ndalembazi. Ngongole ya kwa munthu, Curt Flood sangandithandize kuikana. Kwa masiku atatu ndakhala ndikuyesa kudziuza kuti galimoto ija inali mphatso, ndipo mphatso simanga munthu. N'zoona. Koma ndikudziwanso kuti ndikachoka mu Novembala, nyengo ya makalendala ndi makadi a ukwati, ndiwasiya m'madzi.

Kalata yosiyira ntchito ndinailemba Lachiwiri, ili mu foni. Ndinkafuna kuitumiza pa WhatsApp usiku kuti ndisaone nkhope yawo, monga mmene mabwana a baseball amachitira ndi osewera awo. Sindinaitumize. Ndawaimbira a kuntchito yatsopano kuwapempha kuti ndiyambe mu Januwale m'malo mwa mwezi wamawa, ndipo anati andiyankha Lachisanu, mwina avomera, mwina apatsa wina malowo. Mawa m'mawa ndilawirira, makina asanayatsidwe, ndikagogode pa ofesi ya mayi aja ndiwauze ndekha. Kenako ndiwaimbira malume, ndiwafunse za wotchi ija.