KODI LINGA LA JUMBE LINALI MTENDERE?

Tiyeni tilingirire funso lakale la kwathu kuno kunyanja: kodi munthu wotchinjirizidwa ndi mfumu yogulitsa anzake anganene kuti ali pamtendere?

Cha m'ma 1840 kunafika ku Nkhotakota Mswahili wina, dzina lake Salim bin Abdallah, ndiye Jumbe woyamba. Masiku amenewo dziko linali losokonezeka. Nkhondo za Angoni zinalikupasula midzi ya kumtunda, ndipo anthu ambiri anathawira kugombe, nakhala pansi pa mfuti za Jumbe. Pamenepo mudzi unakula, mpunga unalimidwa m'madambo, ndi anthu anagona osaopa mikondo usiku. Umo ndimo unaphukira ufumu wake: anthu anapereka ulemu ndi mtulo kwa iye amene anatha kuwasunga.

Koma taonani mtengo wake wa chisungiko chimenecho. Wonga ndi mfuti zinagulidwa ndi minyanga ndi akapolo. Zombo za matanga zinaolotsa ana a anthu kunka kutsidya, ndipo kumeneko anayenda m'magoli kufikira ku Kilwa. David Livingstone anaona zimenezi m'chaka cha 1863, napempha Jumbe kuti aleke, koma malondawo sanaleke. Chotero wogona m'kati mwa linga anagona bwino chifukwa wina analira kunja kwake.

Wina adzati, Nanga makolowo akadachitanji? Kukana Jumbe ndiko kufa. Zoona, ndipo sitiyenera kuweruza mayi wothawa ndi mwana kumsana. Koma kusaweruza wothawayo sikuyeretsa ufumuwo ayi. Pakuti mfumu imene yaphunzira kuwerenga munthu ngati nsalu siidzasiyanitsa nthawi zonse wa m'mudzi ndi wa kunja. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

M'chaka cha 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo; mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi; ndipo patapita zaka zowerengeka Jumbe wotsiriza anachotsedwa, natumizidwa ku Zanzibar. Ukapolo unatha, ndipo tiyamika Mulungu. Koma boma latsopanolo linadza ndi msonkho wa nyumba, ndi kutentha nyumba za olephera kupereka, ndi thangata m'minda ya Azungu kumwera. Nalonso liyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo, monganso maboma onse otsatapo chiyambire 1964.

Muyesowo ndi uwu: ufumu suyesedwa ndi kutalika kwa linga lake, koma ndi ichi, kuti wamasiye, mlendo ndi wosauka ayesedwa anthu kapena chuma. Chifukwa chake, abale, pakupempherera olamulira tisapemphe kokha kuti atisunge ife. Tifunsenso ngati alipo wina wolipira tulo tathu ndi misozi yake.